Ndowa ya a Nambewe

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ndine Gwaza, mwana wanu wotsala. Kuno tilipo ndithu, kupatula chifuwa changa chija chimene chimadzuka mwera ukayamba. Dzanja likulembali si langa, mukudziwa kuti ine sukulu ndinangoisuzumira pakhomo. Akulemba ndi Esinati, mdzukulu wanu, amene tsopano ndi mphunzitsi weniweni, woti akalowa ana a eni ake amaimirira. Ndamuuza kuti alembe mawu anga monga akutulukira, asakometse, asachotsepo, ngakhale pamene pamuwawe, pakuti nkhani yaikulu m'kalata muno ndi ya mayi ake.

Ndiyambe ndi zabwino. Laisoni, mwana wanga woyamba uja munkati sadzagwira khasu, anapeza munda ku Chinguluwe, ndipo chaka chino mpunga wamuyanja. Anatitumizira wina, wonunkhira mpaka kwa anansi. Mkazi wake anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Watenga chipumi chanu ndi ukali wanu womwe: akafuna bere mudzi wonse umadziwa. Mvuu zinalowa m'dimba lanu lija n'kumaliza chimanga cha kumunsi. Nkhuku zinatha ndi chitopa, kwatsala tambala mmodzi amene amalira osadziwa kuti akulirira yani. Bwemba munkakhala pansi pake uja ulipo, ndipo mwala wanu wonolera mpeni palibe wausuntha. Za dziko, zonse zili bwino. Ndi mmene timayankhira tonse masiku ano, ndipo Esinati wandiyang'ana, choncho ndilekeza pomwepo.

Tsopano ndikuuzeni chimene simukuchidziwa. Mwana wanu uja munamusiya, amene anthu ankamutcha Namondwe chifukwa akamwa kachasu ankagwetsa mipanda ya eni, kulibenso. Mutangotisiya ndinamwa koposa kale, mpaka tsiku lometa maliro anu anachita kundinyamula. Kenaka nyengo ya utaka itakwana ndinapita ku Mbenji ndi anzanga. Mukudziwa lamulo la pachilumba paja: mkazi sapondapo, mowa sufikapo. Manja anga anayamba kunjenjemera, nkhafi inkandipulumuka, chingwe cha ukonde ndinkachigwira ngati khanda. Anyamata ankandiseka. Munthu mmodzi yekha, msodzi wa ku Nkhotakota dzina lake a Jailosi, sanaseke. Ankakhala nane pamwala tikusoka ukonde, iwo akusoka ndi mbali yanga yomwe, n'kumandiuza za Yesu ngati akunena za mnansi wawo amene afika mawa. Ndinawafunsa kuti, “Munthu woteroyo angafune chiyani kwa chidakwa chonga ine?” Iwo anati, “Akufuna chidakwacho. Abwinoabwino ali nawo kale ambiri.”

Amayi, musakwiye. Chithumwa chija munandimanga m'chiuno akulu anga a Kamwendo atamira, ndinachidula ndi mpeni wotumbulira nsomba n'kuchiponya m'madzi. Ndikudziwa kuti munandimanga chifukwa cha chikondi. Koma zaka zonse zija ndinkakwera bwato ndikuchisisita, ndikuganiza kuti amene anadya akulu anga akundidikira inenso. Ndinkaopa kadzidzi, ndinkaopa mphambano, ndinkaopa chakudya cha m'nyumba za abale anga enieni. Mowa ndinkamwera mantha amenewo. Pobwerera kumtunda mwera unatipeza pakati pa nyanja, mafunde akulowa m'bwato, m'chiuno mwanga mulibe kanthu, ndipo ine ndinkakapa madzi ndikuseka ngati mwana. Sindinkadziwa kuti munthu angapume mpaka pansi pa mimba. Chiyambire pamenepo kachasu sanandilowenso m'kamwa. Ana amene ankathawa akandiona tsopano amandikwera pamsana. Ndine munthu wina, amayi. Zimenezi palibe angandilande, ndipo ndafuna kuti zilembedwe poyamba, musanamve zinazo.

Inu munkakonda kunena kuti walira mvula walira matope. Matope ake ndi awa. Ndinalowa kalasi ya ubatizo kutchalitchi chathu chaching'ono chija cha kumtunda kwa dambo. Ine wa imvi, kukhala pabenchi limodzi ndi ana amene ndinaona amayi awo akukwawa. Kuwerenga sinditha, koma mafunso onse ndinawasunga m'mutu, ndipo palibe mwana anandiposa poyankha. Anzanga a m'kalasi anabatizidwa. Kunabwera ena, nawonso anabatizidwa. Ine ndili pomwepo ngati chitsa. Tsiku la mgonero ulaliki ukatha, mkulu wa mpingo amaimirira n'kunena kuti osabatizidwa atuluke. Ndimatuluka pakati pa ana, chipewa m'manja, chitseko n'kutsekedwa kumbuyo kwanga. Chifukwa chake ndi chimodzi: ndili ndi akazi awiri.

Mfundo imeneyi munamanga ndinu. Sindikukuimbani mlandu, ndikungokukumbutsani. Akulu anga atamira, mtembo osapezeka, tinaika thunthu la nthochi m'manda. Mkazi wawo, a Nambewe, anali ndi Esinati yemweyu kumsana, kakhanda kosakhwima khosi. Anali wa chitengwa, kwawo kutali kumtunda, makolo awo atamwalira kale, munda wawo atatenga ena. Tsiku lowasudzula, ankhoswe atakhala pansi, inu munaimirira musanapatsidwe mpata. Munagwira dzanja lawo n'kuliika m'dzanja langa. Munati, “Gwaza, uyu sapita kulikonse. Mkazi si ukonde woti mwini wake akafa n'kuupachika pamtengo kuti uole.” Ine ndinali nawo kale a Nabanda, ndipo mukukumbuka utsi umene unafuka pakhomo pano. Awiriwa analimbana za nkhuni, za mtondo, za kampango wamkulu kuti alowe nyumba iti. Inu mutatopa nazo munagawa ntchito: mbale ndi ya a Nabanda, ndowa ndi ya a Nambewe. Wina andiphikire, wina andiikire madzi osamba. Ndewu sinathe, koma inachepa, ana anakulira pamodzi, ndipo m'matenda anu omaliza amene ankakutembenuzani pamphasa anali a Nambewe.

A Nabanda, pokhala mkazi woyamba, anabatizidwa popanda chovuta, ndipo amavala zoyera pamodzi ndi amayi anzawo a mpingo. A Nambewe anayamba kupemphera ine ndisanayambe n'komwe, koma chitseko chimawatsekera iwo chifukwa cha ine, monga chimanditsekera ine chifukwa cha iwo.

Mvula itatha chaka chino tinamva kuti abusa abwera kudzabatiza anthu akamaliza kukolola. Kuno abusa sabwera kawirikawiri, ndipo chifuwa changa chimandiuza kuti ndisamadalire chaka chamawa. Ndinapita kwa a Chisale, mkulu wa mpingo, munthu wabwino, amene anandiphunzitsa kupemphera. Ndinati, “A Chisale, chithumwa ndinataya, mowa ndinasiya, mafunso ndimayankha. Mukufunanso chiyani, chiwindi changa?” Anaseka pang'ono, kenaka anati, “Mapanga awiri avumbwitsa, a Gwaza. Lamulo si langa. Wotsala ndi woyamba.” Ndinati, “Nanga winayo ndikamutaye kuti? Ankhoswe onse amene anakhalapo tsiku lija ali kumanda, ndipo mwini wake wa mfundoyi alinso komweko. Andimasula ndani?” Anati kuwathamangitsa sikofunika. Akhale m'nyumba yawo, alime munda wawo, koma mudzi uone kuti ukwati watha. Ndinawauza zoona, kuti pa msinkhu wathu uno timakhala ngati munthu ndi mlongo wake. Iwo anati, “Nanga madzi osamba amakuikirani ndani?”

Apa ndiye anandigwira. M'mawa uliwonse a Nambewe amaphitsa madzi, kuwasenza mpaka kubafa, kugwada panja n'kunena kuti, “Madzi, bambo.” Ukwati wathu wonse wotsala unali umenewo, ndowa imodzi ya madzi ofunda. A Chisale anati ndikaleka kuwalandira anthu aona, ndipo iwo akachitira umboni kwa abusa.

Ndinavomera, amayi. Ndinayesa ndi chinthu chaching'ono. A Nambewe sindinawauze, mawu anandikanika. M'mawa mwake atati, “Madzi, bambo,” ndinatenga sopo n'kutsikira kunyanja kukasamba pakati pa anyamata ngati munthu wopanda mkazi. Mwera unali utayamba, madzi akuluma mpaka m'mafupa. Pobwera ndinapeza ndowa ili pomwepo, nthunzi itatha. Mawa lake anaphitsanso. Mkuja wakenso. Ankangowathira pa nthochi za kuseri, kutsuka ndowa, kuivundikira. Akazi a kuchitsime anayamba kunong'ona. Tsiku lina anagwada monga mwa masiku onse, koma m'malo mwa mawu aja anati, “Bambo, kodi mwamva kuti ndimaika mankhwala m'madzi angawa?” Ankaganiza kuti ndikuwayesa mfiti. Ndinati ayi, n'kuwauza zonse, maso anga ali pansi. Iwo anati, “Ndiye kuti ndikachoka tibatizidwa tonse awiri. Bwanji simunanene? Mwandisiya ndikuwononga nkhuni.”

Esinati waima kulemba. Ndamuuza apukute m'maso, apitirize.

M'mawa wotsatira kunyumba kwawo kunalibe utsi. Anali atamanga katundu m'chitenje, atakwera lole ya ogula nsomba kupita ku Salima, kuti akakwere sitima ya pamtunda yopita kwa mwana wa msuweni wawo cha ku Balaka, munthu amene sanamuonepo chibadwire. Kwa Esinati sakanapita. Nyumba ya aphunzitsi ndi yaing'ono, munthu angapumire pati ndi mkamwini wake, woti akakumana panjira wina amalowa kutchire?

Ine ndinakhala pakhonde. Ndinganame bwanji kwa inu? Mbali ina ya mtima inati njira yatseguka. Ndinkayesa a Nabanda avina. Anatuluka m'nyumba ya mnzawo atafumbata kanthu, n'kuima patsogolo panga dzanja lina lili m'chiuno.

“Mwakhala!” anatero. “Akhristu mwakhala!”

Ndinati, “Si inu munkafuna zimenezi zaka zonsezi?”

Anati, “Ndinkafuna ndimuthamangitse ine, tili atsikana, ali ndi mano ndi mphamvu. Osati inu, lero, ndi ndowa. Adzandithowa msana ndani? Ndizikangana ndi yani, inu? Simutha n'komwe. Dzukani!”

Chimene anafumbata chinali khadi la chipani la a Nambewe, limene analiiwala muudzu wa denga momwe amalisomeka. A Nabanda anati, “Wopanda ichi safika n'komwe pa sitima. Tikampeza.”

Tinakwera matola, ndipo tinawapezadi, pafupi ndi siteshoni, atawakhazika pansi padzuwa pamodzi ndi ena opanda makhadi, anyamata achipani ataima mozungulira. Za anyamatawo sindinena kanthu, anali pa ntchito yawo. Ndingonena kuti mpongozi wanu, mutu woyera, anali atakhala m'fumbi, katundu pamiyendo, akuyang'ana njanji. A Nabanda sanapereke khadi kwa anyamata. Anandifumbatitsa ine. Anati, “Muomboleni. Kenaka munene nokha kolowera, kusitima kapena kunyanja.”

Ndinaonetsa khadi. Mnyamata analitembenuza n'kundifunsa kuti, “Agogo, amenewa ndi ndani wanu?” Amayi, sitima inali italira kale. Ndikanati ndi mlamu wanga sindikananama, pakuti analidi mkazi wa akulu anga, ndipo lero ndikanakhala wobatizidwa. Koma potsegula pakamwa ndinamva mumtima bata, lopanda mantha ngakhale pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti amene anandimasula ine sangafune kuti ndilowe kwake poponda pamsana pa mayi uyu. Ndinati, “Ndi akazi anga.” Mnyamata anayang'ana a Nabanda n'kuti, “Nanga awa?” A Nabanda anayankha okha: “Akazi awonso. Ukufuna akugawire mmodzi?” Anthu onse okhala pansi aja anaseka, ngakhale mnyamatayo anabisa nkhope.

A Nambewe sanaseke. Pobwerera, matola akutigwedeza, anandiuza motsitsa kuti, “Mwanditsekera chitseko kachiwiri, bambo.” Ndipo ananena zoona. Ndinawaombola kwa anyamata n'kuwabwezera panja pa tchalitchi.

Nkhani inamveka gombe lonse. Che Saidi, mnansi wathu wogula usipa uja, anabwera ndi chambo m'manja kudzatipepesa. Anati, “A Gwaza, mukuvutikiranji? Bwerani kumzikiti. Wallahi, kwathu awiri ndi poyambira chabe!” Tinaseka, pakuti ananena ndi mtima wabwino. Ndinati, “Che Saidi, amene anandivuula m'madzi ndimamudziwa dzina. Ndimusiye chifukwa alonda ake anditsekera?” Laisoni nayenso anandiuza za mpingo wina wa cha kwawoko wolola mitala. Koma akazi onse awiri anati sasuntha pamene anamvera mawu koyamba, ndipo inenso ubatizo wothawira sindikuufuna.

Ndinapita kwa a Chisale kukawauza kuti madzi ndayambanso kulandira. Sanakalipe. Anati, “Dikirani, a Gwaza. Mulungu amatsegula njira pa nthawi yake.” Ndinathokoza n'kutsanzika. Ndili panjira ndi pamene ndinamva chimene mawuwo akunena. Njira yotsala ndi maliro. Mmodzi mwa atatufe akagona, otsala aja alowa.

Ichi ndicho chikundisautsa koposa chitseko, amayi. A Nabanda akatsokomola ndimadzipeza ndikumvetsera. A Nambewe akadandaula mutu, ganizo limabwera lokha ngati ntchentche, ndisanaliitane. Ndimalithamangitsa m'dzina la Yesu ndipo limathawa, koma njira yobwerera limaidziwa. Inu munkati munthu sasankha mbalame youluka pamutu pake, amasankha yomanga chisa. Chisa sindilola. Choncho ndasintha pemphero langa. Sindipemphanso ubatizo. Ndimapempha kuti woyamba kupita ndikhale ine.

Abusa anabwera, anabatiza ana a m'kalasi mwanga. Ine ndi a Nambewe tinakhala panja, pa tsinde la mango, ndipo pazenera tinkamva akutchula maina atsopano limodzilimodzi. Inenso ndinali nditasankha langa. Sindinauze munthu, ndipo m'kalata muno sindiliika. Nyimbo itayamba mkatimo, a Nambewe anayamba kuimba motsitsa, ine n'kulandira ndi chifuwa changachi. Panja palibe woletsa. Mapemphero atatha a Nabanda anadutsa anzawo onse, kudzakhala pakati pathu m'fumbi ndi zoyera zawozo, n'kunena kuti mkatimo munali kutentha, ife ndiye tinachenjera.

A Chisale anandiuza mosabisa kuti ndikafa chonchi mpingo sudzaimba pamanda panga. Poyamba zinandiwawa, ine Gwaza kuikidwa chete ngati mlendo wodutsa. Tsopano ndimati, amene anandipeza ndikununkha kachasu sanayambe wapempha chilolezo kwa munthu. Adzandidziwa. Koma inu muli kumeneko, mwaona mmene zimakhalira. Ngati kulinso chitseko, ndipo osathiridwa madzi amakhala panja, mundisungire malo pafupi ndi inu, pakuti inunso simunabatizidwe. Ndipo monga ndamudziwira ine, sindikhulupirira kuti Iye amakhala mkati nthawi zonse.

Ndikulonjezani ziwiri. A Nambewe sachokanso pakhomo pano ine ndili moyo. Ndipo ndauza Laisoni ndi Esinati, uyu akulembayu ndiye mboni, kuti ndikangopita, asadikire n'kumeta komwe: akawagwire dzanja mayi awo a Nambewe, akawaperekeze kwa a Chisale, kuti abusa akadzabweranso woyamba kugwada akhale iwo.

Mupereke moni kwa akulu anga. Muwauze kuti mkazi wawo ndinamusunga.

Ndadinda chala changa pansipa.

Ine mwana wanu wokukondani,
Gwaza